Si thupi limene limazolowera mankhwala

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anthu akunena kuti munthu akamamwa makapusozi (mankhwala opha mabakiteriya) pafupipafupi thupi lake limazolowera, ndiye vutolo ndi la iye yekha. Zanditopetsa.

Chimene chimalimba ndi kachilombo, osati thupi. Tengani bakiteriya wa Streptococcus wa gulu A, woyambitsa zilonda zapakhosi. Mitundu yake ina siimvanso mankhwala a erythromycin ndi azithromycin, ngakhale penicillin akugwirabe ntchito. Bakiteriyayu amayenda m'malovu: pokhosomola, poyetsemula, pomwera kapu imodzi. Choncho mwana wogona pamphasa imodzi ndi mkulu wake akhoza kutenga mtundu wosamva mankhwalawo, chikhalirecho sanamwepo kapusozi chibadwire.

Makapusozi otsala m'kabati aja, ogawana awiriawiri pabanja, amangokulitsa vutoli. Komanso zilonda zapakhosi zambiri zimabwera ndi mavairasi, omwe makapusozi sawakhudza n'komwe. Wopezeka ndi bakiteriyayu nthawi zambiri amamwa penicillin kapena amoxicillin masiku 10, kuti matendawa asafike poononga mtima.

Mukakayika, funsani adokotala. Zipatala zina zimapukuta pakhosi n'kukayeza ku labu. Werenganinso kapepala kam'bokosi la mankhwala. Uthenga wapafoni wosanena kumene wachokera musautumize kwa abale musanafunse kuchipatala.