Mwana wopita ku South Africa popanda makolo onse awiri: mayankho a mafunso amene mukutifunsa pa ofesi ya matikiti

Chitsekereni sukulu, pa ofesi yathu yogulitsa matikiti a basi za ku Johannesburg pakumakhala mzere kuyambira m'mamawa, ndipo ambiri mwa amene akuchedwa pazenera ndi agogo, azakhali ndi amalume amene atumidwa kuti aperekeze ana kwa makolo awo. Ena abwerera ali okwiya chifukwa tawapempha mapepala amene anali asanawamvepo, ndipo ena atinena kuti tikupanga malamulo athuathu. Tisanayankhe, tikumbutse kuti ife ntchito yathu ndi kunyamula anthu basi. Wololeza kapena kukaniza munthu kuwoloka malire ndi ofisala wa boma la dziko limene mukulowamo kapena kutulukamo.

Kodi mwana ndi wa zaka zingati?

Ndi aliyense amene sanakwanitse zaka 18, ndipo pamenepa malamulo a Malawi ndi a South Africa akugwirizana.

Wakhanda nayenso akufunika pasipoti?

Inde, ngakhale akadali kumsana ayenera kukhala ndi chikalata choyendera cha iye yekha.

Tinamva kuti South Africa inathetsa lamulo la kalata ya makolo mu 2019. Nanga inu mukuifuniranji?

Lamulolo linafewetsedwa, silinathetsedwe. Pa 1 Juni 2015 dziko la South Africa linayamba kufuna kuti mwana aliyense wolowa kapena kutuluka m'dzikomo awonetse setifiketi ya kubadwa yokhala ndi mayina a makolo, komanso kalata yolumbirira yochokera kwa kholo limene silili naye paulendowo. Makampani a ndege ndi a zokopa alendo anadandaula kwambiri, ndipo mu Novembala 2019 nduna ya South Africa yoona za m'dziko (Home Affairs) ya nthawi imeneyo, a Aaron Motsoaledi, inachotsa udindo umenewu kwa ana a mayiko ena amene akuyenda ndi munthu wamkulu. Choncho amene akutiuza kuti mwana wa pasipoti ya Malawi wokhala ndi womuperekeza amangofunika pasipoti pachipata cha South Africa sakunama. Koma ana amene ndi nzika za South Africa, ndi mwana aliyense woyenda yekha, lamulo likuwakhudzabe monga kale.

Tikuvomereza kuti kalata imene tikupempha kwa mwana woperekezedwa ndi wachibale ikuposa zimene South Africa imafuna, ndipo chifukwa chake ndi msewu umene timadutsa. Basi yochokera ku Blantyre imaima pa Mwanza, Zobue, Cuchamano, Nyamapanda, ndi mbali zonse ziwiri za Beitbridge. Zimenezi ndi zipata 6 za mayiko 4 (Malawi, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa), ndipo paliponse ofisala akakayikira angathe kufunsa kuti mwanayu ndi wa yani ndipo akupita kwa yani. Wamkulu akasowa choonetsa, woima si iye yekha: basi yonse imadikira, nthawi zina usiku, muli odwala ndi ena othamangira ntchito.

Ine ndine malume wake weniweni, ndipo ndamulera chichokereni mayi ake. Ndikapemphe chilolezo kwa ndani?

Funso ili limatipweteka kuliyankha, chifukwa tikudziwa kuti kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba, ndipo agogo ambiri alera zidzukulu kuyambira zili zakhanda mpaka kufika ku sekondale popanda pepala lililonse. Sitikupeputsa udindo umenewo. Koma ofisala wa pachipata sayang'ana mwambo. Amayang'ana mayina amene ali pa setifiketi ya kubadwa, kapena chigamulo cha khoti chopereka mwana m'manja mwa munthu wina. Ngati makolo ali moyo, alembe kalata ndi iwowo, ngakhale ali ku Cape Town. Ngati anamwalira, bwerani ndi setifiketi ya imfa, ndipo yambani msanga kukaonana ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu kuti akuthandizeni kupeza chikalata cha khoti chokuzindikirani kuti ndinu wosunga mwanayo. Kalata ya a mfumu imathandiza poyambira nkhaniyi, koma sitingakulonjezeni kuti payokha ilandiridwa kunja kwa dziko lino.

Kalatayo ikhale ndi chiyani?

Ilembedwe m'Chingerezi, ndipo itchule dzina lonse la mwana monga lilili m'pasipoti, tsiku lake lobadwa, nambala ya pasipoti, dzina ndi nambala ya pasipoti ya womuperekeza, kumene akupita, masiku a ulendo, ndi nambala ya foni imene kholo lingayankhe usana kapena usiku. Phatikizanipo fotokope ya pasipoti kapena chitupa cha unzika cha kholo limene lasayina. A Home Affairs salandira kalata imene yapitirira miyezi 6 chilembedwereni, choncho ya ulendo wa chaka chatha musabwere nayo. Timalangiza kuti isayinidwe pamaso pa munthu wololedwa kulumbiritsa, monga loya kapena majisitireti. Kholo limene lili ku South Africa lingachite zimenezi ku polisi.

Bambo ake anapita kalekale ndipo sitidziwa kumene ali. Mwanayu sadzayendanso?

Pano tiyenera kusamala, chifukwa yankho limatengera mapepala a mwanayo ndipo ife si oweruza. Ngati pa setifiketi ya kubadwa pali dzina la mayi okha, malangizo a Home Affairs amanena kuti kalata ya kholo lina siifunika. Ngati mayina onse awiri alipo, ndipo mwanayo ali m'gulu limene lamulo limafuna kalata, chimene chimalowa m'malo mwa siginecha ya kholo losowalo ndi chigamulo cha khoti. Chimodzimodzi ngati munasudzulana ndipo mnzanuyo akukana dala kusayina. Nkhani za kukhoti zimatenga nthawi, ndipo munthu amene wabwera kutatsala masiku awiri kuti basi inyamuke sitingamuthandize. Chimene tikupempha ndi chakuti musasayine m'malo mwa munthu wina. Kuchita zimenezo ndi mlandu, ndipo zikadziwika pachipata mwana ndiye amavutika poyamba.

Mwana wanga anabadwira ku Johannesburg. Ali m'gulu liti?

Kubadwira ku South Africa pakokha sikupereka unzika wa dzikolo. Ngati makolo onse ndi Amalawi, mwanayo amayenda ndi chikalata cha Malawi, ndipo za mapepala ake mukafunse ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku Johannesburg. Koma ngati mayi kapena bambo ndi nzika ya South Africa ndipo mwanayo ali ndi pasipoti ya kumeneko, kufewetsa kwa 2019 sikumukhudza. Lamulo lawo la ana, Children's Act la 2005, limafuna kuti onse amene ali ndi udindo pa mwana avomereze asanatuluke m'dzikolo. Mayi wa Chimalawi amene akubwera ndi mwana wotere kudzaona agogo ku Mangochi atenge setifiketi ya kubadwa, kalata ya bambo, ndi fotokope ya chitupa chawo.

Kodi zonsezi zikuteteza ana ku chiyani?

Ku mchitidwe wozembetsa anthu, umene dziko la Malawi linaukhazikitsira lamulo lakelake mu 2015, komanso kwa kholo lothawitsa mwana pamene banja lasokonekera. Mu Disembala 2023 bungwe loyang'anira malire a South Africa, Border Management Authority, linalengeza kuti pa Beitbridge linabweza ana oposa 400 ochokera ku Zimbabwe amene anapezeka m'mabasi opanda makolo. Nyengo ya tchuthi maofisala amayang'anitsitsa basi iliyonse imene ili ndi ana ambiri.

Bwanji ndingomusiya m'manja mwa dalaivala? Mayi ake akamulandira pa Park Station, siteshoni ya basi ya ku Johannesburg.

Ayi. Dalaivala ndi kondakitala si achibale a mwana wanu, ndipo saloledwa kunena pachipata kuti mwanayo ndi wawo. Tikudziwa kuti zoterezi zakhala zikuchitika pamsewu umenewu, ndipo sitinganene kuti sizinachitikepo m'basi zathu. Wantchito wathu akakupemphani ndalama kuti awolotse mwana, tiuzeni. Mwana woyenda yekha amafunika setifiketi ya kubadwa, makalata a makolo ndi mafotokope a zitupa zawo, kalata ya munthu wokamulandira yotchula adiresi ndi foni yake, komanso fotokope ya pasipoti ndi pemiti ya wolandirayo.

Nanga ngati pemiti ya kholo lokamulandiralo inatha?

Ambiri amafunsa zimenezi monong'ona, ndipo tilibe yankho lokondweretsa. Mmalawi amaloledwa kukhala masiku 30 ku South Africa popanda viza, ndipo amene wapitirira masikuwo popanda pemiti alibe chikalata chimene angaike pa kalata yolandirira mwana. Sitingakulangizeni kuti mubwereke dzina la munthu wina amene mwanayo sakamukhalira. Mwanayonso masiku ake amawerengedwa chimodzimodzi, ndipo akapitirira angaletsedwe kulowanso m'dzikolo kwa nthawi yoikika.

Mwana akabwezedwa pachipata, mubweza ndalama ya tikiti?

Apa ndi pamene takangana ndi anthu ambiri, ndipo tikumvetsa chifukwa chake, popeza tikiti ya ku Johannesburg ndi ndalama imene banja limasonkha kwa miyezi. Mukazindikira kuti mapepala sakukwanira basi isananyamuke, bwerani ku ofesi, ndipo ngati malo alipo tidzayesetsa kusintha tsiku la ulendo. Basi ikanyamuka, mpandowo sitingaugulitsenso kwa wina, choncho wobwezedwa pachipata sabwezeredwa ndalama, ndipo ulendo wobwerera kunyumba amalipira yekha. Ena atifunsa kuti, ngati tinaona mapepalawo pazenera n'kuwalola kukwera, bwanji tikukana mlandu. Kuona kwathu n'kongothandiza kuti zolakwika zoonekeratu zigwidwe msanga. Sikutanthauza kuti ofisala avomereza, ndipo malamulo a mayiko angasinthe ife tisanadziwitsidwe. Komabe ngati mukukhulupirira kuti wantchito wathu anakuuzani zolakwika, lembani dandaulo lanu pamodzi ndi nambala ya tikiti, ndipo nkhani iliyonse tidzaiunika payokha.

Setifiketi ya kubadwa tikaitenge kuti?

Imaperekedwa ndi National Registration Bureau kudzera ku ofesi ya kalembera ya m'boma lanu. Khadi ya kusikelo siilowa m'malo mwake. Mukailandira, onetsetsani kuti mayina ndi tsiku lobadwa zikufanana ndi zimene zili m'pasipoti, ndipo mubwere nayo pamodzi ndi mwanayo musanagule tikiti.