Diso Likavulala Kapena Likachitidwa Opaleshoni, Musathiremo Zitsamba

Kwa anthu a ku Senga Bay, Chipoka, Lifuwu ndi madera onse a Salima.

M'midzi mukumveka mphekesera yakuti madokotala amachotsa diso la munthu n'kuikamo la mbuzi. Limeneli ndi bodza, ndipo likuchititsa khungu anthu oti akanachira.

M'kati mwa diso muli kagalasi kachibadwa kamene kamakhala m'kathumba kopyapyala. Kakachita ng'ala, dokotala amakachotsa n'kuika kapulasitiki m'kathumba momwemo. Koma nthawi zina kathumbako kamang'ambika, kaya pa opaleshoni, kaya chifukwa cha mwala wa legeni, mbedza kapena chikuni chothetheka powaza. Diso limatsala lopanda kagalasi, ndipo munthu amangoona chimbuuzi. Apa m'pamene ambiri amataya mtima n'kumati diso lafa.

Silinafe! Pali kagalasi kena kosalira kathumba, kamene dokotala wa ku Netherlands, Jan Worst, anakonza mu 1978. Kali ndi timanja tiwiri totsina ngati nkhanu, ndipo timagwira pa gawo lakuda lija lozungulira mboni ya diso. Diso lanu limakhala lomwelo, silitulutsidwa. Ena sawaika kagalasika koma amawapatsa mandala ochindikala. Zimenezo amasankha ndi dokotala akapima.

Chimene chikutidetsa nkhawa ndi chimodzi. Munthu akavulala m'diso amayamba wathira madzi a masamba, mkaka wa m'mawere, ena mpaka mkodzo. Amafika kuchipatala patatha sabata, diso lili mafinya okhaokha, galasi lakunja, lakutsogolo kwa diso, layera. Diso lotere kagalasi kalikonse sikangalithandize. Tikubwerezanso: chosachokera kuchipatala chisalowe m'diso, ngakhale akupatseni agogo anu okukondani.

Mukavulala, musatikite. Phimbani mosakanikiza ndipo pitani tsiku lomwelo ku chipatala cha boma cha Salima. Ngati vuto likufunika akatswiri, amakutumizani ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe.

Amene mwachitidwa opaleshoni, thirani mankhwala anu m'nthawi yake, m'manja mutasamba ndi sopo. Musasambe m'nyanja, ndipo pewani utsi wowambira nsomba mpaka dokotala atakulolani. Diso likayamba kupweteka kwambiri, kufiira, kutuluka manthongo, kapena mukaona kung'anima ndi mdima wobwera mwadzidzidzi, musadikire tsiku lolembedwa m'buku lanu lakuchipatala. Nyamukani pomwepo, ngakhale kuli kokolola mpunga.