Gasi wachepa pa sitovu? Yambani mwaona zomwe mukuidyetsa dayijesita

Amene ali ndi dayijesita ya biogas, thanki yopanga gasi wophikira kuchokera ku zinyalala, kaya pasukulu ya boarding kaya pakhomo, dandaulo lawo limakhala limodzi, moto wachepa, nyemba sizikupsa. Ndiye amathamangira kunena kuti thanki yabooka. Pena imakhaladi yabooka, koma pa ntchito yathuyi chomwe timachipeza kawirikawiri ndi zomwe akuthiramo.

Gasi amapangidwa ndi tizilombo tomwe timadya zinyalala pamalo posalowa mpweya, ndipo chimayakacho ndi methane, amakhala pakati pa 50 ndi 70 peresenti, wotsalayo kwambiri ndi carbon dioxide yemwe sayaka. Tizilomboti timafuna kuti m'chakudya chawo mukhale carbon magawo 20 mpaka 30 pa gawo limodzi la nitrogen. Tsono matope a m'suweji ndi a m'ma septic tank aja ali ndi nitrogen wambiri carbon wochepa, mukawasiya okha ammonia amachuluka tizilombo nkufooka, pomwe mapesi a chimanga carbon wake amafika cha m'ma 60 pa 1. China ndi ndiwo china ndi nsima, ziphatikizeni basi. Mtima umandiwawa ndikaona mapesi akuotchedwa m'minda pomwe sukulu yapafupi ikugula nkhuni pa lole, ngakhale sindikuti mutenge onse ayi, ena asiyeni aphimbire nthaka.

Koma mapesiwo osangowaponyamo athunthu. Ndi olimba, ali ndi lignin yemwe tizilombo sititha kumuphwanya, ndiye amayandama nkupanga chikhungwa pamwamba, gasi osadutsa, paipi kutsekeka. Aduleni tizidutswa ta masentimita 2 kapena 3, muwanyowetse muwaunjike sabata imodzi kapena ziwiri afewe kaye, ndipo mukathira muzitakasa.

Zofewa ndiye zimapatsa gasi msanga, tomato ndi kabichi wovunda wa pamsika ngati wa Lizulu, ngakhale namasupuni uja amavutitsa mu Shire cha ku Liwonde. Apa mpomwe ambiri amaonongera zinthu. Aona gasi wakwera lero, mawa athira mawilibala atatu nthawi imodzi, tizilombo topanga asidi timadya mwachangu kuposa anzawo opanga methane, pH (muyeso wa asidi, umatsika asidi akachuluka) ikatsika kuchepera 6.5 opanga methane aja amaima, mumangomva fungo lowawasa moto nkumazima wokha. Zikatero siyani kuthira masiku angapo, muikemo ndowe yatsopano ya ng'ombe, pena ndi laimu pang'ono. Chakudya chatsopano chizilowa pang'onopang'ono, mlingo womwewo tsiku lililonse.

Kuzizira nako kumadula gasi. Tizilomboti timasangalala pa madigiri 35 mpaka 37, ndiye a ku Dedza ndi Mzuzu musadabwe mu June ndi July, sakanizani zothiramozo ndi madzi owotha padzuwa ndipo muzithira masana. Madzi a sopo wambiri kapena a klorini otsukira zimbudzi asalowemo chonde.

Za manyowa otuluka kumapetoko ndikupemphani mundimvetse. Ndi abwino kwambiri kumunda, koma ngati mwalowa za m'chimbudzi, mazira a njoka za m'mimba safa onse m'dayijesita yosatenthetsa. Asakanizeni ndi zinyalala zouma mupange kompositi atenthe bwino akhale miyezi ingapo, mukathire ku chimanga kapena mitengo ya zipatso, osati pa letesi ndi masamba ena odya osaphika, ndipo wogwira avale magolovesi ndi magambuti.