Mafilimu a nkhondo, mganda ndi katundu wa pamutu: komwe mkangano wa ku Salima unachokera

Ku Salima kuno mkangano wa mafilimu a nkhondo sutherapo. Mukakhala pa Kamuzu Road madzulo kapena podikira galimoto ya ku Senga Bay mumva ndithu anthu akukokana, wina akuti filimu yakutiyakuti nde yeniyeni, wina akuti aaa bodza limenelo mfuti yanji yosatha zipolopolo, munthu mmodzi angathe bwanji batalioni yonse iye osakandika olo pachala. Ndipo sizodabwitsa kuti nkhaniyi ili ndi mphamvu kuno, Salima ndi boma la asilikali. MAFCO, imene kale inkatchedwa Kamuzu Military College, ili konkuno, a parachute ali ku Senga Bay, nde pafupifupi aliyense ali ndi mlamu, mphwake kapena neba wovala yunifolomu. Mwana wa kuno amakula akuona malikuluti ometa mpala akuthamanga mumsewu mmamawa uku akuimba, kenako madzulo nkukaona msilikali wina wa pa sikirini, sangalephere kufananiza.

Kanema wa nkhondo sanayambe ndi mavidiyo sho ayi. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse a Britain anali ndi gulu loyendayenda la asilikali lomwe linafika mpaka ku Nyasaland kuno, limaonetsa perete, zida ndi kanema ndi cholinga chachikulu choti anyamata akopeke akalembetse usilikali. Nde kanema woyambirira wa nkhondo amene ambiri a mmidzi anaona anali nyambo, munalibe mtembo, munalibe njala. Mu ulamuliro wa Kamuzu TV kunalibe, TVM inadzayamba mu 1999, komanso lamulo la 1968 lija linkapatsa a Censorship Board mphamvu yodula kapena kuletsa filimu iliyonse. Zinthu zitamasuka mzaka za mma 1990 ndi pomwe mavidiyo sho anachuluka pa trading centre iliyonse, Khombedza, Chipoka, Lifuwu, mpaka uko kwa anzathu ku Nkhotakota ndi Dwangwa.

Amene munalowamo mukudziwa mmene munkakhalira. Chisakasa cha mphasa kapena kachipinda kopanda windo, mabenchi a matabwa osapala, TV yaikidwa pamwamba mu kabokosi, jenereta ikulira kuseri, sipika yapachikidwa panja kuti phokoso la mfuti lizikoka anthu odutsa. Ndi kutentha kwa Salima mu Okutobala thukuta limachita kuyenderera koma palibe wotuluka. Chizungu ambiri sitinkamva, filimu timaitsata ndi maso, nchifukwa chake za nkhondo ndi za karate zinkayenda malonda kuposa zolankhula zambiri, mpaka pomwe anadzabwera anyamata omasulira mafilimu mChichewa aja.

Mmenemo ndi momwe magulu awiri anabadwira. Ena ndi a Rambo, kwa iwo msilikali weniweni ndi wa minofu wosaopa kanthu. Ena, makamaka amene anadzaona Saving Private Ryan ya 1998 ija, amati filimu yoona ndi imene ikuonetsa magazi, matumbo panja, munthu akuitana mayi ake, ngati mmene anajambulira kutsika kwa asilikali a America pa gombe la Omaha pa 6 June 1944. Ine ndili kufupi ndi gulu lachiwirili komabe ndimaona kuti onse awiri akuyeza choona ndi muyeso umodzi, kuombera. Pomwe nkhondo imene anthu a mmbali mwa nyanja ino anaidziwa, mbali yaikulu sinali kuombera. Inali kuyenda wapansi, kusenza, kudwala ndi kudikira.

Tibwerere ku 1914. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba ku Ulaya, pa 13 August sitima ya a Britain ya Guendolen inapita ku Sphinxhaven, komwe pano ndi Liuli ku Tanzania, nkukawononga sitima ya ma German ya Hermann von Wissmann ili pamtunda. Zinachitika pa nyanja yomwe ino imene asodzi athu amapha usipa. Pa 9 September kunamenyedwa nkhondo ya ku Karonga. Mu November chaka chomwecho John Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti chifukwa chani anthu osauka a dziko lino akukafera nkhondo yosawakhudza nkusiya akazi amasiye ndi ana, ndipo mu January 1915 anaukira. Kusukulu timaphunzira za thangata ndi minda ya azungu koma mbali iyi ya nkhondo nthawi zambiri imangodutsidwa.

Akuluakulu ankaitcha nkhondo ya chiwaya. Asilikali a King's African Rifles (KAR) ochokera kuno analipo pafupifupi 19,000, koma a tengatenga, onyamula katundu aja, anali pafupifupi 200,000, mdziko lomwe anthu ake onse anali ongopitirira pangono miliyoni imodzi. Tangoganizani mudzi wanu amuna amphamvu atachokamo chonchi, alime ndani. Njanji inali isanafike kuno, inadzafika ku Salima mu 1935, nde katundu ankakwera ndi sitima zapanyanja, ngakhale Chauncy Maples ya amishoni a UMCA boma linaitenga kuti izinyamula asilikali, ndipo akatsitsa kumpoto uko zotsala zonse zinali za pamutu. Mpunga, ufa, mabokosi a zipolopolo, matenti a mabwana, mtolo wa makilo opitirira 20 pamutu pa munthu wosavala nsapato, kukwera mapiri a ku Tanganyika kozizira ali ndi kansalu kamodzi kapena bulangete lakutha, mvula ikumuthera pathupi, ndipo chifukwa naye amayenera kudya panjira ulendo ukatalika chakudya chimatha asanafike nacho komwe chikufunika, nde oyamba kuchepetseredwa phoso anali iye yemweyo wonyamulayo. Amene anapha anthu ambiri si chipolopolo, anali kamwazi, malungo, chibayo ndi njala.

Komanso sikuti ankapita mwakufuna kwawo onse. Mafumu ankapatsidwa nambala ya anthu oti apereke, amesenjala ndi apolisi ankagwira anthu usiku mmidzi, amuna ena ankathawira kutchire nkumagona konko, pena ankagwira mkazi kuti mwamuna adzipereke yekha. Mkulu wa ma German uja Paul von Lettow-Vorbeck anawazunguza mpaka ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia, anadzagonja pa 25 November 1918 ku Abercorn, komwe pano ndi Mbala ku Zambia, ku Ulaya nkhondo itatha kale masabata awiri. Otsala amoyo pobwerera anakumananso ndi fuluwenza ya 1918 ija imene inasesa midzi. Ndiuzeni filimu imene munaonapo yomwe mwini filimu ndi munthu wosenza bokosi. Mu mafilimu a azungu munthu ameneyu akaoneka amakhala kumbuyo uko, mzere wa anthu opanda mayina.

Komatu anthu athu sanangokhala chete, anajambula nkhondoyo mnjira yawo, ndipo apa mpomwe ndimafuna a mkangano aja atamvetsera. Mganda umene timavina ku Salima, Dowa, Ntchisi ndi Kasungu, malipenga a ku Nkhotakota ndi Nkhata Bay, ndi beni wa anzathu achiyao, onsewa anafala kwambiri nkhondo imeneyi itatha ndipo anatengera perete ndi bandi ya asilikali. Beni anayambira kugombe la Aswahili nkutsika ndi asilikali komanso anthu apaulendo, nde kwa ife a mmbali mwa nyanja, komwe kuyambira nthawi ya a Jumbe a ku Nkhotakota kunali kale njira ya kugombeko, sizinavute kuti afike.

Mukaonetsetse mganda ukamalowa mbwalo. Gulu lenilenilo amalitcha boma, lili ndi maudindo ake, a kingi, a kaputeni, a dokotala oyendera mzere kuona ngati anthu asamba ndi kuchapa. Kabudula wa khaki kapena woyera wosita mpaka mzere kuima, malaya opisira, masokosi ofika mmaondo, kampango koyera mdzanja. Ngoma yaikulu ija ikuyimira ya bandi, mabadza a zikho otseka kumapeto ndi nembanemba ya kangaude, masiku ano ena amangoika kapulasitiki, akulira mmalo mwa malipenga a mkuwa. Mizere yowongoka, phazi limodzi, wotsogolera akaimba wezulo onse atembenuka nthawi imodzi, nkhope zosaseka. Mulibe mfuti yolira mmenemo, mulibe wogwa. Chomwe anthu obwera kunkhondo anasankha kusunga ndi dirilu, ukhondo wokakamiza, maudindo ndi kumvera lamulo, chifukwa moyo wa msilikali tsiku ndi tsiku unali umenewo.

Pa tanthauzo lake anthu amasiyana mpaka lero. Ena amati kunali kunyoza azungu mochenjera, kuvala ukaputeni umene munthu wakuda sakanaupeza mu KAR. Ena amati kunali kunyadira, kuonetsa atsikana ndi midzi yoyandikana kuti ife tayenda, taona dziko, ndife otsogola. Amishoni ena ndi maboma a atsamunda ankawakayikira magulewa. Ine ndimaona kuti zonse ziwiri zilimo, munthu angathe kudana ndi chimene chinamuzunza koma nkumanyadirabe kuti anapirira, ndipo filimu ya nkhondo imene singathe kunyamula zinthu ziwirizi pamodzi kwa ine siyoona, olo magazi atachuluka bwanji.

Nkhondo yachiwiri inatenganso amuna pafupifupi 30,000 a dziko lino. Batalioni yachiwiri ya KAR inamenya ku Tug Argan ku Somaliland mu August 1940, ena anapita ku Abyssinia, Madagascar, Ceylon, kenako Burma. Mu 1944 gulu la 11th East African Division, momwe munali mabatalioni a ku Nyasaland, linatsika chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yamphamvu kuthamangitsa ma Japan mpaka ku mtsinje wa Chindwin. Chigwa chimenecho chinkadziwika ndi malungo ndi matenda ena, misewu inasanduka matope, chakudya chinkachita kuponyedwa ndi ndege. Agogo amene ankati ndinapita ku Bama aja ankanena zimenezi, ndipo ambiri a iwo sankakonda kufotokoza za kuombera, amakamba za mvula, misundu, sitima yapamadzi ndi mpunga. Ena anabwera akudzidzimuka usiku, kumudzi nkumangoti nkhondo inawazunguza mutu, panalibe wowathandiza. Chodabwitsa nchoti ngakhale Rambo yoyamba ya 1982 nkhani yake inali imeneyi, msilikali wobwera ku Vietnam amene mutu sukuyenda bwino ndipo kwawo sakumulandira, kumapeto akulira, koma mu vidiyo sho gawo limenelo anthu ankayamba kutuluka poti kuombera kwatha.

Pobwerera malipiro othokoza aja sanali ofanana. Zikalata za boma la Britain zomwe atolankhani anaulutsa mu 2019 zinaonetsa kuti msilikali wamba wachizungu ankalandira masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene anagwira, wakuda masheleni 3 ndi theka. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a ku Africa, amene anafa pa nkhondo yoyamba sanakumbukiridwe ndi mayina awo ngati azungu, ndipo boma la Britain linapepesa. A tengatenga athu ali mmenemo. Ku Zomba kuli chipilala cha KAR chija, mu November timavala maluwa ofiira, koma manda a wosenza katundu wa ku Salima amene anagwa mnjira ku Tanganyika palibe angakulozereni. Kuti filimu ili ndi mphamvu tinaonera ku France, komwe Indigènes ya 2006, yonena za asilikali a kumpoto kwa Africa, inachititsa boma kulengeza kuti likweza penshoni za asilikali akale a mmaiko amene linkawalamulira. Anzathu a ku Senegal nawo anajambula yawo kalekale, Ousmane Sembène anatulutsa Camp de Thiaroye mu 1988 yonena za asilikali akuda amene anaphedwa ndi a France mu 1944 atafunsa malipiro awo. Ife yathu ya Kabaw kapena ya tengatenga sindinaionepo mu vidiyo sho iliyonse.

Ndipo nkhaniyi sinathere pa agogo. Mzaka za mma 1950 a KAR a kuno anali ku Malaya. Kuyambira 1987 asilikali athu ankalondera njanji ya Nacala mkati mwa nkhondo ya ku Mozambique, ena anatsala komweko, nthawi imeneyo zinthu zotere sizinkalengezedwa nkomwe, ndipo ambiri a iwo alipo, anapuma ntchito, tikukhala nawo mmakwalala momwemuno. Mu December 1993 kunali Operation Bwezani yolanda zida a Payoniya. Kenako Congo. Mu November 2018 asilikali a Malawi 6 anaphedwa kufupi ndi tawuni ya Beni polimbana ndi zigawenga za ADF, mmodzi mwa iwo Private Chancy Chitete, amene anaona msilikali wa ku Tanzania, Corporal Omary, atavulala zipolopolo zikugwa, anamukokera pamalo obisika nkuyamba kumuthandiza, iye nkuomberedwa. Mnzakeyo anapulumuka. Mu May 2019 United Nations inapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yapamwamba kwambiri kwa asilikali osungitsa mtendere. Mu January 2025 tinatayanso asilikali ena atatu pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za M23 kufupi ndi Goma, boma nkulamula kuti otsalawo akonzeke kubwerera.

Masiku amenewo ku Salima kunali zii, mafoni ali mmanja, azimayi a kumalaini akudikira uthenga, wina sanagone masiku angapo poti foni ya bambo a mnyumba sikupezeka. Mavidiyo sho ambiri pano anasanduka oonetsa mpira, mafilimu anthu akuonera pa foni, koma mkangano uja ulipobe, ndipo mukaona bwino amene anapitako ku Nacala kapena ku Congo salowererapo kawirikawiri. Mukawafunsa mwaulemu atakhala pansi amayamba ndi za kulemera kwa chikwama, nsapato zonyowa sabata yathunthu, kulondera usiku wonse popanda chochitika, ndi ndalama ya alawansi imene ankawerengera kuti akabwera adzamalizire nyumba.