Dzanja silidikira kuti sizoni ithe

"Tidzaona sizoni ikatha." Mawu amenewa ndatopa nawo. Amawanena osewera, amawanena makochi, ndipo masiku ano ngakhale makolo a ana amene alowa matimu a esports, mipikisano ya magemu apakompyuta, ayamba kuwanena. Ntchito yanga ndi ya mafizo, ndipo ambiri mwa anthu amene ndimawathandiza ndi akatswiri a magemu apakompyuta, anthu amene amadyera m'manja mwawo. Funso loti kodi munthu angavulale ali chikhalire pampando sinditaya nalo nthawi. Amavulala. Ndikufuna ndilankhule ndi inu amene mukudziwa kale kuti dzanja likupweteka koma mwasankha kudikira.

Tayang'anani kalendala ya timu yosewera gemu ya League of Legends. Kwa zaka zambiri, ligi monga LCK ya ku South Korea ndi LPL ya ku China zakhala zikuyamba mu Januwale. Matimu ochita bwino amapita ku MSI, mpikisano wa matimu a mayiko osiyanasiyana, chapakati pa chaka, kubwerako ndi kulowa chigawo china, kenako Worlds, mpikisano waukulu wa dziko lonse, mu Okutobala ndi Novembala. Worlds ikangotha, matimu amayamba kugula ndi kugulitsa osewera, ndiye mnyamata amene kontrakiti yake yatha sangayerekeze kuika mausi pansi, chifukwa akufuna mabwana amuone kuti akadali wakuthwa. Tchuthi chenicheni ndi milungu yowerengeka. Pamene mtsempha wolumikiza mnofu ku fupa, uja madokotala amati tendon, ukafika podwaladi umafuna miyezi itatu kapena kuposerapo ya mafizo oyenera kuti ubwerere m'chimake. Ndiye "sizoni ikatha" yanuyo ndi liti? Mpata umene mukuudalirawo kulibe.

Chimene chimawononga dzanja si tsiku la mpikisano. Pasiteji timu imasewera magemu awiri, atatu, akachuluka asanu. Katundu weniweni ali m'masiku apakati: masikirimu, magemu okonzekera osewera ndi matimu ena, kuyambira masana mpaka madzulo, kuonera mavidiyo a zolakwika, kenako aliyense payekha kukankha solo queue, magemu a pa intaneti amene umalowa wopanda timu yako, mpaka usiku. Kuonjezera apo Riot Games, kampani imene inapanga League of Legends, imasintha gemu pafupifupi milungu iwiri iliyonse. Kusinthako kukakhala kwakukulu, wosewera amaonjezera maola mwadzidzidzi kuti aphunzire zatsopano msanga. Apa m'pamene ndimaona anthu akugwa. Mnofu umazolowera ntchito mofulumira, koma tendon imazolowera pang'onopang'ono chifukwa magazi amafikamo ochepa. Mukaiunjikira ntchito mlungu umodzi, siduka tsiku lomwelo ayi. Imatha ngati chingwe chokhudzana ndi mwala, kaulusi kamodzikamodzi, mwini wake nkumati chikadali cholimba.

Cholakwika china chimene chimandipweteka mutu ndi chakuti aliyense womva kuwawa pamfundo ya dzanja amathamangira pa intaneti nkubwera atadzipeza kale ndi carpal tunnel, vuto la mtsempha wonyamula mauthenga wopanikizika pamfundo ya dzanja. Nthawi zambiri si imeneyo. Ambiri amene ndimawaona ali ndi matendon otopa: a pamwamba pa mkono amene amadzutsa zala podina mausi, kapena a m'mbali mwa chala chachikulu, makamaka kwa osewera pa controller ndi pafoni. Kuwawa kwake kumabwera ndi ntchito, kumachepa munthu akapuma, ndipo m'mawa dzanja limakhala louma. Vuto limeneli limachira bwino likagwiridwa msanga, ndipo mankhwala ake si kungokhala osagwira kanthu. Timachepetsa maola, timawagawa m'zigawo zokhala ndi kupuma, ndipo timalimbitsa mkono ndi zitsulo zopepuka kwambiri, mobwerezabwereza, mpaka tendon itazolowera kupirira. Wosewera wotere nthawi zambiri sasowa kuchoka m'timu. Amangosewera mochepa kwa kanthawi.

Koma mtsempha wonyamula mauthenga ndi nkhani ina, ndipo apa ndikupempha kuti muwerenge modekha. Pali umodzi umene umadutsa kuseri kwa chigongono, uja umachititsa kuti mukagunda chigongono pakhoma mumve ngati magetsi athamangira ku chala chaching'ono. Munthu akakhala maola ambiri chigongono chili chopindika, kapena atachitsamiritsa pa tebulo kapena pa mkono wa mpando, mtsemphawu umakokeka ndi kupanikizika. Chizindikiro chake ndi dzanzi kapena kubayabaya pa chala chaching'ono ndi theka la chala choyandikana nacho. Carpal tunnel yeniyeni imagwira mbali inayo: chala chachikulu, cholozera, chapakati, ndipo imakonda kudzutsa munthu usiku. Zonse ziwirizi zili ndi khalidwe limodzi loipa. Mtsempha ukapanikizika nthawi yaitali, minofu ing'onoing'ono ya m'dzanja imene umailamulira imayamba kufota, ndipo ikafota kwambiri, nthawi zambiri siibwerera yonse ngakhale mutachitidwa opaleshoni yabwino.

Pali mnyamata wina amene sachoka m'mutu mwanga. Anali m'chaka chake choyamba m'timu yaikulu, ndipo kumbuyo kwake kunali mnzake wa pabenchi amene ankadikira mpata. Dzanzi linamuyamba chigawo choyamba cha sizoni chili mkati. Sanauze munthu. Ankati akapita kuchimbudzi pakati pa masikirimu amakagwedeza dzanja mpaka zala zitadzuka, nkubwerera pampando akumwetulira. Kenako dzanzi linasiya kuchoka. Anagula bandeji yolimba ya pamfundo ya dzanja, chikhalirecho vuto linali pachigongono, ndipo ankaivala usiku wokha kuti anzake asaione. Mapiritsi opha ululu ankamwa tsiku lililonse. Anzake anangoona kuti wayamba kuphonya mabatani amene kale ankadina ali mtulo, ndipo ochemerera pa intaneti anamutukwana kuti wayamba matama ndi ulesi. Atafika kwa ine, nditamuuza kuti ayale manja onse awiri pa tebulo, pakati pa chala chachikulu ndi cholozera cha dzanja lodwalalo panali pataloŵa dzenje. Ndinamupatsa pepala kuti alipane ndi zala, ndikulikoka linangotuluka. Anachitidwa opaleshoni, dzanzi linachepa, koma liwiro la zala silinabwerere pamlingo umene ligi imafuna. Anali asanakwanitse zaka 21. Chimene chimandiwawa nchakuti pa mwezi woyamba uja, kusintha kakhalidwe pampando, kuchotsa chigongono pa tebulo, kugona mkono uli wowongoka ndi kuchepetsa maola zikanatha kumupulumutsa. Ndipo sindimunena yekha mnyamatayo. Anabisa chifukwa anaona bwino lomwe kuti m'timu mwake munthu wonena kuti akudwala amataya mpando.

Ndikalankhula chonchi ena amanditchulira Faker, katswiri wa League of Legends wa timu ya T1, amati taonani, anavulala mu 2023 koma chaka chomwecho anatenga chikho. Nzoona, koma nkhaniyo mumaiwerenga chozondoka. Mu Julaye 2023 Faker, dzina lake lenileni Lee Sang-hyeok, anasiya kusewera pafupifupi mwezi wathunthu chifukwa cha kuwawa kwa mkono, sizoni ya LCK ili pakati penipeni. T1 inaika wosewera wachinyamata, Poby, m'malo mwake, ndipo pa mipikisano 8 imene inasewera popanda Faker inapambana umodzi wokha. Timu inavomera manyazi amenewo. Anabwerera mu Ogasiti, ndipo pa 19 Novembala ku Seoul T1 inagonjetsa Weibo Gaming 3-0 nkukhala akatswiri a dziko lonse. Chikhocho chinabwera chifukwa munthu anaima sizoni isanathe. Ikani nkhani imeneyi pambali pa ya Uzi wa timu ya Royal Never Give Up, mmodzi mwa osewera aluso kwambiri amene China inatulutsapo, amene anasewera ndi ululu wa mkono kwa zaka zambiri nkulengeza zopuma mu Juni 2020 ali ndi zaka 23, atapezekanso ndi matenda a shuga. Kapena ZooMaa, wosewera gemu ya Call of Duty, amene anasiya mu Januwale 2021 chifukwa cha chala chachikulu. Hai wa timu ya Cloud9 anatula pansi udindo wake mu 2015 akudandaula dzanja. Fear wa timu ya Evil Geniuses anaphonya The International, mpikisano waukulu wa gemu ya Dota 2, ya 2014 chifukwa cha mkono, koma atachira anabwerera nkupambana ya 2015. Mayina ndi ambiri, ndipo awa ndi otchuka okha amene atolankhani anawalemba.

Tsopano za anthu amene amadyera pa mantha a osewera. Paliponse pamene pali mnyamata woopa kutaya ntchito pamapezeka wina womugulitsa chozizwitsa. Zibangili zamkuwa, zamaginito, magolovesi opanikiza dzanja amene amati amachiza mitsempha, ufa wosungunula m'madzi umene amati umamanga tendon m'masiku ochepa. Palibe chimodzi mwa izi chimene chimachotsa kupanikizika kwa mtsempha. Choopsa kwambiri ndi kamakina kogunda minofu kaja. Ndaonapo anthu akukagwiritsa ntchito kuseri kwa chigongono, pamtsempha wodwala penipeni, chifukwa munthu wina wa pa YouTube anatero. Enanso amapita kwa othyola mafupa amene amaliritsa khosi ndi zala nkunena kuti abwezeretsa chimene chinaguluka. Palibe chinaguluka. Ndipo samalani ndi aliyense amene akulonjeza jakisoni woti musewere mawa. Jakisoni wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, ali ndi malo ake, dokotala wodziwa amatha kumupereka pa De Quervain, vuto la matendon a m'mbali mwa chala chachikulu, kapena carpal tunnel, koma wobayidwa mobwerezabwereza pafupi ndi tendon amaifooketsa, ndipo amazimitsa ululu umene unali kukuchenjezani. Mapiritsi monga ibuprofen ndi diclofenac, omwedwa tsiku ndi tsiku pamimba yopanda kanthu pamodzi ndi zakumwa zopatsa mphamvu, amatha kuyambitsa zilonda zam'mimba ndi kuvulaza impso. Mukatero mwaonjezera matenda achiwiri pa oyamba amene simunawachize.

Munthu woona amayamba ndi kukufunsani maola amene mumasewera ndi pamene munawaonjezera, amakuyezani khosi, phewa, chigongono ndi dzanja, amafuna kuona mmene mumakhalira pa tebulo lanu, ndipo ngati akukayikira mtsempha amakutumizani kukayezetsa mmene ukuyendetsera mauthenga. Wokupatsani mankhwala asanakugwireni mkono, muchokereni.

Ngati ululu ukubwera nthawi iliyonse mukasewera ndipo wadutsa milungu iwiri, kaonaneni ndi a mafizo kapena dokotala, sizoni ili pamene ili. Koma ngati muli ndi dzanzi losachoka, ngati dzanja likukudzutsani usiku, ngati mwayamba kugwetsa zinthu kapena kulephera kutembenuza kiyi, kapena mwaona dzanja limodzi likuwonda kuposa linzake, musadikire ngakhale milungu iwiriyo, pitani sabata ino. Ndipo inu makochi ndi eni matimu, osewera anu sadzakuuzani zoona ngati akudziwa kuti kunena ndi kutaya mpando. Auzeni sizoni isanayambe, pamaso pa timu yonse, kuti wopuma chifukwa cha kuvulala adzapeza malo ake ndi malipiro ake, mulembe zimenezo mu kontrakiti, ndipo wa pabenchi muzimulowetsa m'masikirimu kuyambira Januwale kuti tsiku lofunika akhale wokonzeka.