Gemu siipangidwa ndi dayilekita yekha ayi

Zaka zonsezi ndakhala ndikumva nkhani yomweyomweyi mmagulupu a magemu, eti dayilekita wa gemu ku Japan amakhala yekha pa kompyuta nkupanga gemu yonse, komanso kuti sungakhale dayilekita ngati sudziwa kulemba code, malangizo amene kompyuta imatsatira. Yandikwana abale, sizoona.

Ntchito ya dayilekita nkutsogolera, iyeyo ndi amene amagamula kuti gemu iziseweredwa bwanji, chilowe nchiti chichotsedwe nchiti, koma olemba mapulogalamu, ojambula, olemba nkhani, opeka nyimbo ndi ofufuza ma bug (zolakwika za mu gemu) amakhala anthu ena. Gemu yaikulu masiku ano imadya zaka zingapo ndipo anthu amakhalapo mazanamazana. Madayilekita ambiri analowa ntchito ngati ojambula kapena planner, munthu wolemba mmene gawo lililonse la gemu liyendere, nkumakwera pang'onopang'ono.

Ine ndimaona kuti bodzali linamera mzaka za m'ma 1980, nthawi imeneyo matimu anali ang'onoang'ono ndipo makampani ena ankalemba maina ongopeka kumapeto kwa gemu poopa kuti anzawo awabera antchito, ndiye wodziwika amangokhala uja amaoneka mmagazini basi.

Mukamaliza gemu musadumphe maina aja amatsetsereka pa sikirini, muwerenge mudzionere nokha kuti dayilekita ndi mzere umodzi chabe. Chonde musamangotumiza nkhani za madayilekita mmagulupu musanafufuze komwe zachokera. Ngati gemuyo simunaimalize, sakani dzina lake pa intaneti pamodzi ndi mawu oti credits, mndandanda wonse ubwera.