Maola 200 Sakwanira Kupanga Mphunzitsi wa Yoga

Ambiri amene amabwera kwa ine kudzaphunzira uphunzitsi wa yoga amayembekezera kuyamba ndi kupinda thupi ndi kuima chadodolido. Amadabwa kuona kuti masiku oyambirira timathera tili pamphasa, tikuwerenga.

Yoga inayambira ku India ngati njira yokhazika maganizo. Buku lakale la Patanjali, Yoga Sutra, lili ndi timawu tatifupi pafupifupi 196, koma titatu tokha ndi timene timanena za kakhalidwe ka thupi kotchedwa asana, ndipo timangofuna kuti munthu akhale mokhazikika ndiponso momasuka. Pa magawo 8 a yoga amene Patanjali anatchula, asana ndi lachitatu. Amayamba ndi yama ndi niyama, malamulo a makhalidwe abwino monga: kusavulaza chamoyo, kunena zoona, kusaba, ukhondo, kukhutira ndi zimene uli nazo. Kusavulazaku, ahimsa, mphunzitsi amakumana nako tsiku lililonse. Wophunzira wa bondo lopweteka akamadzikakamiza kuti afanane ndi anzake, uyenera kumuletsa mwaulemu ngakhale akhumudwe.

Kapindidwe ka thupi kamene timakaona masiku ano kanafala kwambiri kudzera kwa Krishnamacharya, yemwe ankaphunzitsa mumzinda wa Mysore ku India m'zaka za m'ma 1930. Wophunzira wake B.K.S. Iyengar anatchukitsa malamba, mabulangete ndi timatabwa tochirikizira thupi, kuti nkhalamba ndi odwala nawonso athe kuchita nawo.

Pamene ndimaumitsa kwambiri ndi pa kapumidwe, pranayama. Buku la Hatha Yoga Pradipika la m'zaka za m'ma 1400 limachenjeza kuti mpweya umazolowetsedwa pang'onopang'ono, monga mmene amazolowetsera mkango kapena njovu. Timayamba ndi kupuma mosinthanitsa mphuno, nadi shodhana, popanda kugwira mpweya. Kupuma mothamanga kwa kapalabhati ndi kugwira mpweya nthawi yayitali sitiphunzitsa amayi oyembekezera, odwala mtima kapena amene magazi awo amathamanga kwambiri. Mphunzitsi wosafunsa za matenda kalasi isanayambe amaika anthu pachiswe.

Muyeso woti maphunziro a uphunzitsi wa yoga azitenga maola 200 unafala chifukwa cha bungwe la ku America la Yoga Alliance, ndipo mumzinda wa Rishikesh ku India maphunziro otere amatha pa mwezi umodzi. Satifiketi yake ndi yabwino, koma mwezi umodzi sungaphunzitse maso kuzindikira munthu amene akukukuta mano kapena kubanika mwakachetechete. N'chifukwa chake omaliza maphunziro ndimawapempha kuti ayambe athandizira mphunzitsi wodziwa kwa miyezi ingapo, ataima kumbuyo kwa kalasi, akuona mmene aliyense akupumira.